Zomwe ndaphunzira poyesa magalimoto otsika mtengo kuno kuchigwa

Teremu ino aphunzitsi athu anatiuza kuti gulu lililonse lipange podcast, pulogalamu ya mawu ojambulidwa yomvera pa foni, pa nkhani imene anthu akuno kuchigwa cha Shire amaikambirana tsiku ndi tsiku. Ife tinasankha magalimoto otsika mtengo, chifukwa ambiri mwa ife tili ndi m'bale amene akusunga ndalama kuti agule kagalimoto konyamulira anthu pakati pa Dyeratu, Nchalo ndi Ngabu. Tinabwereka Toyota Vitz, Sienta, Probox ndi ka Daihatsu Mira. Pachiwongolero pamakhala mnzathu amene ali ndi layisensi, mwini galimoto pambali pake, enafe kumbuyo ndi foni yojambulira mawu.

Womvera podcast saona kanthu. Ukamuuza kuti galimoto iyi ndi yabwino, sunamuuze chilichonse. Uyenera kufotokoza chimene chikuchitika mkati mwa chitsulocho ndi chifukwa chake, ndipo sungafotokoze zimene iwe mwini sukuzimvetsa. Apa ndi pamene ntchito yomwe tinkaiona ngati yongokwera galimoto inasanduka phunziro lenileni kwa ine.

Mayeso aakulu anali m'mapiri amene msewu wa M1 umatsetsereka mokhotakhota kuchokera ku Blantyre kufika pa Thabwa, usanawoloke mlatho wa Kamuzu. Tikutsika ndi Sienta tinayamba kumva kafungo kopserera. Mwini wake, bambo wachikulire amene wayenda msewu umenewu zaka zambiri, anagwira mnzathu paphewa n'kunena kuti, "Aphwanga, buleki musaigonere. Ikani giya pa B, injini ikuthandizeni." Ataika, injini inakweza mawu, galimoto n'kudzigwira yokha. Mawu amenewo tinawajambula ndipo mu podcast akumveka bwinobwino. Nditawerenga pambuyo pake ndinamvetsa kuti buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Ukaiponda mtsetse wonse, mapadi amatentha mpaka kusiya kugwira, ndipo mafuta a buleki akakhala akale, oti anamwa chinyezi, amawira, phazi n'kungolowa pansi. Magalimoto ena giya imeneyi imalembedwa L. Zimandipweteka mtima kuti anthu ambiri amagula galimoto ya otomatiki n'kumangodziwa D ndi R basi, pamene moyo wa amene awanyamula uli pa chilembo chimodzi chimenechi.

Pokwera m'pamene kukula kwa injini kunaonekera. Mira ili ndi injini ya 660cc, malire amene lamulo la ku Japan linaika pa timagalimoto ta mtundu umenewu. Tili anayi mkati, choziziritsa mpweya chili choyaka, inkakwera mopuma wefuwefu. Vitz yomwe tinayesa inali ya lita imodzi, masilinda atatu, ndipo inachitako bwino. Sienta ya malita 1.5 inakwera mosavutika. Sindikunyoza Mira. Kwa mphunzitsi kapena namwino woyenda pa tala wosalala pakati pa Nchalo ndi Ngabu, imamwa mafuta pang'ono ndipo ndi yokwanira. Koma munthu wopita ku Limbe sabata iliyonse kukaoda katundu adzaitopetsa msanga.

Ndiye pali kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumadutsa madigiri 40, ndipo magalimotowa amabwera atazolowera nyengo ina. Tinapeza kuti eni ake ambiri amathira madzi a pamjigo mu rediyeta m'malo mwa kulanti, madzi apadera oziziritsa injini. Madzi otere amadya chitsulo ndi dzimbiri ndipo amasiya zokakamira zimene zimatseka timipata ta rediyeta. Ena amauza makaniko kuti achotse thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, poganiza kuti injini izizizira. Pa nkhani imeneyi tinatsutsana kwambiri m'gulu, chifukwa amalume a mnzathu wina anachotsa ndipo akuti galimoto ikuyenda. Inde ikuyenda, koma injini yosafika pa kutentha kwake koyenera imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga, ndipo chimene chinkaitenthetsa poyamba chimakhala chikadalipo. Pa Vitz ija panalibenso geji yoonetsa kutentha, koma kanyali chabe kamene kamayaka kofiira zinthu zitafika kale poipa.

Bambo wa Probox anatigwaditsa pansi pafumbi n'kutionetsa manambala anayi olembedwa m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Tayala likhoza kukhala ndi mano ooneka bwino koma lili lokalamba, lang'aluka timing'alu, ndipo pa tala wotentha wa masana limaphulika. Kuchokera tsiku limenelo ndikakwera galimoto pa siteji maso anga amayamba apita pa matayala.

Misewu ya fumbi ya ku East Bank, imene namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anaikumba kwambiri, inatiphunzitsa za kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Vitz ndi Sienta zikadzaza zimakhula pansi pa mitumbira ndi m'makwawa a mchenga. Probox, imene Toyota anayamba kupanga mu 2002 kuti izinyamula katundu wa malonda, ili ndi masipuling'i olimba kumbuyo. Ikakhala yopanda katundu imakugwedeza mpaka msana kuwawa, koma matumba a mapira kapena thonje imawasenza. Palibe ngakhale imodzi mwa zinayizi yoti munthu aziwolokera madzi osefukira, chifukwa injini ikakoka madzi m'malo mwa mpweya, zitsulo za mkati zimapindika ndipo ndalama yokonzera imatha kufanana ndi yogulira injini ina.

Za mafuta tinayeza podzaza thanki, kuyenda, kudzazanso, kenako kugawa makilomita ndi malita. Masamu ake ndi a ku pulayimale, koma eni magalimoto ena anali asanayesepo. Mitengo sitinaitchule mu podcast chifukwa imasintha msanga. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Tinangofotokoza kuti mtengo umene ukuona pa intaneti ndi woyambira chabe. Pali kuitenga ku doko la Dar es Salaam kudzera pa Songwe, msonkho wa MRA umene umayang'ananso zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, kulembetsa, inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pamwamba pa izo, funsa ngati masipeya ake angapezeke pa Nchalo kapena uzichita kudikira ochokera ku Blantyre galimoto itaima.

Anzanga ena ankafuna kuti pomaliza titchule galimoto yopambana. Ine ndinakana, ndipo ndikuimabe pomwepo, chifukwa womvera wa ku Bangula ndi wa ku Chapananga sayenda msewu umodzi. Chimene tinagwirizana kunena mosabisa n'chakuti Sienta ili ndi mipando 7, ndipo mabuleki ndi matayala ake anapangidwira kulemera kumeneko, osati anthu othithikana mpaka ku buti. Gawo loyamba tatumiza kale pa WhatsApp, talidula mwachidule kuti lisadye bandulo. Lotsatira tikajambulira pa galaja, kuti makaniko atsegule rediyeta yotsekeka ndi kufotokoza yekha zimene akuona mkatimo.