Mwapalitsa madisiki a mabuleki koma chiwongolero chikunjenjemerabe?

Choyamba, mvetserani galimoto. Chiwongolero chikamanjenjemera mukaponda buleki, vuto lili ku madisiki akutsogolo. Mukamamva pampando, yang'anani kumbuyo. Ikamanjenjemera musanaponde n'komwe, amenewo ndi matayala, mabuleki musawanamizire.

Chimandiwawa n'choti ambiri muno mu Mzuzu amangopalitsa disiki, pakatha miyezi iwiri vuto labwerera. Gwero lake kawirikawiri ndi habu, chitsulo chimene disiki ndi tayala zimamangidwapo. Mvula yathuyi imasiya dzimbiri pamene disiki imakhalira, ndipo kadzimbiri kochepa ngati chikhadabo kamakwanira kuipendeketsa. Ikamazungulira chopendama imakhudza mapadi mbali imodzi, n'kudyeka mosafanana. Palani habu ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, bwezerani disiki, muyeze ndi dial gauge, kachipangizo koyezera kupendama. Kupendama kukapitirira 0.05 mm, musamange tayala, funani chifukwa.

Manati amangeni modumphadumpha ngati nyenyezi, ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), osati kupondera sipanala ndi phazi. Corolla imafuna 103 Nm. Solaninso mapini a kalipa, chitsulo chopanitsa mapadi pa disiki: akauma, padi imakanirira ndipo disiki imapsa mpaka kubiriwira. Atsukeni, muwapake girizi wa mabuleki.

Pa disiki pamalembedwa MIN TH ndi nambala yosonyeza malire a kupyapyala kwake. Ikapyapyala kuposa nambala imeneyo, gulani zatsopano, ziwiri zonse, ndi mapadi omwe.

Potsika Chiweta kapena ku Nkhata Bay ikani giya yaing'ono. Mukafika kumunsi madisiki ali moto, musaime mutakanikiza buleki, chifukwa padi imasiya chidindo chake pa disiki, ndipo musawathire madzi.