Sump yanga ndinaiyesa pozimitsa pampu

Nditagula thanki ya malita 300 yowetera nsomba za m'nyanja yamchere, ntchito yaikulu inali m'kabati ya pansi, momwe mumakhala sump. Iyi ndi thanki yachiwiri yobisika: madzi amatsikiramo, amayeretsedwa, pampu n'kuwakwezanso.

Ndinatenga thanki yakale ya malita 100, n'kukadulitsa magalasi oigawira zipinda zitatu. Ndinamata ndi silikoni wa ma aquarium, osati wa kubafa uja, chifukwa ameneyo amakhala ndi mankhwala opha chuku omwe amapwetekanso nsomba. Ndinadikira sabata yathunthu kuti aume.

M'chipinda choyamba ndinaikamo skimmer, yomwe imachotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu. Iyi imafuna madzi osasinthasintha mulingo, choncho galasi lake ndinaliimika pa masentimita 20. Chomaliza n'cha pampu, ndipo madzi akamauma mumaonera m'menemo. Mchere suuma nawo, ndiye ndimathiramo madzi osefedwa opanda mchere kuti muyeso wa mchere usachoke pa 1.025.

Chapakati ndicho ndimachikonda, refugium, malo okuliramo ndere ndi tizilombo kutali ndi nsomba. Muli ndere zotchedwa chaeto, zobiriwira, zopiringizana ngati ukonde wakale wa msodzi. Zimadya nitrate ndi phosphate, zonyansa zochokera ku ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala, ndipo zikachuluka ndimatapa dzanja limodzi n'kutaya. Nyali yake ndimayatsa usiku ya thanki yaikulu ikazima, kuti pH (muyeso wa asidi m'madzi) isatsike kwambiri. Tsiku lina nditaunika ndi tochi ndinaona tizilombo toyera, ma copepod, tikuthamanga pagalasi. Mumo palibe wotidya, timaswana mwamtendere, tina n'kukwera ndi pampu kukadyetsa nsomba. Ndinagwada pamenepo nthawi yaitali, mtima uli mbee.

Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi. Ife tonse tikudziwa kuti magetsi satsanzika akamapita. Pampu ikaima, madzi a m'thanki yaikulu amatsika onse mpaka pakamwa pa overflow, potulukira madzi opita mu sump, ndipo paipi yokwezera madzi imasanduka yokokera, kuwabwezera pansi. Nditazimitsa dala koyamba, sump inadzadza ndikuona, mpaka kutsala chala chimodzi kuti isefukire.

Ndinaboola kabowo ka mamilimita 3 papaipiyo, pansi pang'ono pa mulingo wa madzi, kuti mpweya uzilowa n'kudula kukokako. Ndinapungulanso madzi mu sump, n'kumata tepi posonyeza malire osapitirira. Ndinayesa katatu ndisanaikemo nsomba ngakhale imodzi. Kabowoko kamatsekeka ndi ndere ndi mchere, choncho Loweruka lililonse ndimakatokosa ndi kamtengo kotokosera m'mano.