Bokosi la agogo latsitsimuka

Abale, lero mtima wanga uli m'malo. Bokosi lachitsulo losungiramo zida lomwe agogo anatisiyira kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndamaliza kulikonza. Iwo anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, Harare akadali Salisbury, ndipo masipanala awo onse ankagona m'menemu.

Dzimbiri linali litadya pansi pa madilowa onse anayi. Nsalu yakale yomwe anayalamo inali itamwa oyilo ndi chinyezi mpaka kumatirira kuchitsulo, ndinachita kuipala ndi mpeni. Girizi ndinamutsuka ndi palafini, n'kukwecha ndi bulashi yawaya komanso sandipepa mpaka chitsulo chinayera, kenako ndinapaka red oxide, penti woteteza chitsulo ku dzimbiri, kawiri ndisanapake penti wobiriwira. Koma pachivundikiro, pomwe agogo anagoba dzina lawo ndi msomali, sindinakwechepo. Ndikamasisita zilembo zokhotakhotazo ndimamva ngati ndawagwira dzanja.

M'madilowa ndayalamo mphira wopyapyala yemwe ndinagula kumsika wa Siyaso, ku Mbare. Nsalu ayi, imasunga madzi, ndiyo inabweretsa dzimbiri lonselo. Sindinamate ndi guluu, kuti ndizitha kuchotsa popukuta. Pano ukakoka dilowa, masipanala angoti phee, sakugundananso.

Amalume akubwera Loweruka kudzaliona.