Zikomo kwa Amene Anatiphunzitsa Kudikira

Mwana wathu atapezeka ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) ali ndi zaka 3, sankatchula ngakhale liwu limodzi, ndipo akafuna chinthu ankangondikoka dzanja n'kulira mpaka kutopa. Ndikuthokoza mayi wina wophunzitsa ana kulankhula, amene sanafune kutchulidwa dzina, chifukwa anatiphunzitsa kugwiritsa ntchito timakadi ta zithunzi komanso kukhala chete kwa masekondi 10 tikamufunsa mwanayo funso, m'malo momuyankhira. Kunena zoona, kudikirako kunandivuta ine kuposa mwanayo.

Ndikuthokozanso bambo wina wosadziwika amene, tsiku limene mwanayo anadzigwetsa pansi akukuwa chifukwa cha phokoso la magalimoto, anatinyamulira katundu mwakachetechete osatifunsa chilichonse.

Patapita miyezi 8, m'mawa wina mwanayo anatenga kakadi kojambulidwa kapu, anandiyang'ana m'maso kwa kamphindi, kenako anati "madzi". Liwulo linatuluka mosamveka bwino, koma ine ndinalimva. Panopa amatchula mawu oposa 20, ndipo akadwala amaloza yekha pamene pakumupweteka, moti sitichezeranso usiku tikuganizira chimene chikumuliritsa. Dzulo anandiitana kuti "amama" ali kuchipinda china, kuti ndikaone nsanja imene anamanga ndi zidole zake.