Sitayelo ya amalume

Vuto la opareshoni yanga ya msana ndi lakuti chipsera chili pamimba. Madokotala akamaika disiki yochita kupanga m'chiuno amalowera kutsogolo. Amakankhira matumbo pambali, n'kuchotsa kachichereŵechereŵe kamene katha pakati pa mafupa awiri, kwa ine a kumunsi kwa msana otchedwa L5 ndi S1, n'kuikapo tizitsulo tiwiri tokhala ndi kapulasitiki pakati. Alamu anga a ku Chipoka atachiona tikusamba kunyanja anati, "Alamu, musatinamize, ku India kuja anakutulutsani mwana."

Papita zaka ndithu ndipo chitsulocho chikugwira ntchito yake bwinobwino. Amene sanamve kuti nkhondo inatha ndi mtsempha umene unapanikizika nthawi yaitali ndisanapite kumpeni. Umatha miyezi uli phee. Tsiku limene wadzuka umayambira m'thako lakumanzere, kutsika kuseri kwa ntchafu, m'katumba, mpaka kukachala kakang'ono ka kuphazi, ngati wagwira waya wa magetsi ndi manja onyowa. Malamulo ake ndimawadziwa pamtima: osanyamula zolemera, osawerama uku ukupotokola chiuno, osakhalitsa pampando, osakwera chogwedeza. Lomalizali analipanga munthu amene sanafikepo ku Salima, kumene ngakhale wopita kukagula mchere amakwera kabaza. Thumba la mpunga wa ku Lifuwu likafika pakhomo amatsitsa ndi anyamata, ine n'kumalozera pokaika, aneba n'kumati bambo ameneyu ndi mlesi wa digiri.

Ndiye unafika ukwati wa mwana wa mchemwali wanga, ine nkhoswe. Loweruka la mu Okutobala, dzuwa la kuno lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuwoloka msewu. M'mawa benchi ya kutchalitchi. Masana minibasi yopita kukajambulitsa ku Senga Bay, ine mpando wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala. Madzulo mpando wapulasitiki muholo. Mtsempha unali ukulemba zonsezi.

Perekaniperekani atafika pachimake, mkulu woyendetsa mwambo anakuwa pachimkuzamawu kuti amalume a mkwatibwi aonekere. Mayi a Chisomo anandigwira jekete.

"Bambo a Chisomo, mungoyenda, muponye, mubwere. Chiuno chimenecho tinagulitsira puloti."

Ndinanyamuka mwaulemu wake. M'thumba lakumanzere munali ma K200 amene ndinasinthitsa kwa makashiya. Lakumanja munali K5,000 imodzi, ya mafuta a galimoto yobweza abale ku Khombedza. Nyimbo itakoma, dzanja linalowa kolakwika. Ndinangoiona ikuuluka, ikutembenuka m'mwamba, n'kukatera chakumanja kwanga, pafupi ndi beseni, ndipo kamtsikana kotolera ndalama kanali kataiona kale.

Ndinawerama. Ndinapotokolanso chiuno. Malamulo awiri pa sekondi imodzi.

Chinandimenya kuchokera m'thako mpaka kuchala. Ndinauma pomwepo: dzanja lamanja pansi litapsinja ndalama, mwendo wamanzere utatambasuka kumbuyo ukunjenjemera wokha, kukamwa kuli yasa. Kudzuka kosatheka, kugwa kosathekanso.

"Taonani amalume!" anakuwa mkulu uja. "Sitayelo yatsopano! Dijeyi, ibwereze imeneyo!"

Holo yonse inaimirira. Nthungululu. Azimayi a kumpingo anandizungulira n'kuyamba kundifupa, ma K100 akutera pakhosi pomwe pali thukuta n'kumamatira. Ndikati "Mayo!" iwo amayankha "Eee!" Mwendo uja ukanjenjemera, m'manja mumawombedwa. Amalume a mkwati, munthu wamkulu wa imvi zake, anaona kuti akuchimuna achepa. Anavula jekete, nawonso dzanja pansi, mwendo kumbuyo, akuugwedeza mochita kukakamiza. Kunena zoona wawo sunkafika pa wanga. Wanga unali wochokera mumtsempha.

Kamtsikana kaja kanagwada pafupi nane. Ndinakanong'oneza kuti, "Iwe, kaitane azakhali ako." Kanamwetulira, kanasolola ndalama ija pansi pa zala zanga, n'kukaipereka kutsogolo.

"K5,000 yonse kuchokera kwa amalume! Akuchimuna muli kuti?"

Amene anazindikira ndi mayi a Chisomo okha. Anabwera akuvina kuti anthu asadabwe, n'kuwerama pakhutu panga.

"Ndi mwendo kapena mwalawa?"

"Mwendo."

"Puloti ija," anatero, n'kukodola anyamata.

Anandigoneka chagada pamkeka kuseri kwa holo, pansi pa mtengo wa mango pomwe amayi ankaphikira, miyendo itasanjikidwa pa makireti a Fanta monga anandiphunzitsira a fiziyo, akatswiri owongola ziwalo kuchipatala, kuti chiuno chimasuke. Apo ndiye panatsegulidwa chipatala. Wina anati anditeme mphini. Wina anati apeze mwana wamapasa andiponde pamsana. Azakhali ena anatsitsa mawu n'kunena kuti iwo anaona kale mmene akuchimuna ankandiyang'anira kuyambira pachinkhoswe. Nditafotokoza kuti muli chitsulo, gogo wina anasendeza mpando wake n'kufunsa ngati mphenzi sizinditsata nthawi ya dzinja. Alamu anga aja anafika ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti ogula zitsulo zakutha akugula bwanji pa kilo masiku ano.

Kukhala pampando wa galimoto kunali kosatheka, choncho anandikweza kumbuyo kwa pikiapu yonyamula mphatso. Munthu woyamba kugonera matiresi atsopano a akwati, pulasitiki yake isanachotsedwe, ndinali ine nkhoswe, mutu uli pakati pa ndowa ndi mapoto, tikudutsa pa Kamuzu Road anyamata a kabaza akuimba mabelu.

Kuchipatala anajambula n'kupeza chitsulo chili m'malo mwake, sichinasunthe. Unali mtsempha wokha wapsa mtima. Anandipatsa gabapentin, amene amandigonetsa tulo nkhani ili pakamwa, n'kundiuza kuti ndisamangogona, ndiziyenda pang'onopang'ono pabwalo. Moto uja unazima patapita masabata, dzanzi la kukachala linatsalira kanthawi.

Kanema ndiye anafika kutali pa WhatsApp ine ndisanayambe n'kuvala komwe nsapato ndekha. Tsiku lina kunabwera bambo wina wochokera ku Nkhotakota, chipewa m'manja, kudzapempha ngati ndingakavine pa ukwati wa mwana wake mu Disembala. Ndisanatsegule pakamwa, mayi a Chisomo anamupatsa mpando n'kumufunsa kuti amalipira zingati, komanso ngati thiransipoti yake ili ndi matiresi.