Mbewa Sizidziwa Kuti Muli ndi Kalasi

Wophunzira akamayamba kafukufuku woyesa kukumbukira kwa mbewa, amathamangira kuona masiku omwe ali ndi mpata. Pamenepo ndiye polakwika. Yambani ndi tsiku loyesa, muwerenge chobwerera m'mbuyo.

Mbewa zikafika mu labotale, zisiyeni sabata yathunthu zizolowere. Kenako muzizigwira masiku atatu mpaka asanu, mphindi ziwiri iliyonse patsiku, kuti dzanja lanu lisiye kuziopsa. Kunyamula ndi mchira kusiyeni: Jane Hurst ndi Rebecca West a ku Liverpool anasonyeza mu 2010 kuti mbewa zonyamulidwa m'kapaipi sizichita mantha kwambiri. Mbewa zimakhala maso usiku, choncho ngati mwatembenuza nthawi ya magetsi kuti mdima wawo ugwe masana anu, onjezerani masabata awiri. Tsiku lililonse loyesa, makola akhale m'chipinda choyeseramo mphindi 30 mpaka 60 musanayambe.

Tsono masamu, omwe ambiri amawathawa. Tengani novel object recognition, mayeso oona ngati mbewa ikukumbukira chinthu chomwe inaonapo kale: tsiku loyamba mbewa imayendayenda m'bokosi lopanda kanthu, lachiwiri imapeza zinthu ziwiri zofanana, kenako chimodzi mumachisintha n'kuona ngati ikununkhiza kwambiri chatsopanocho. Papepala ndi mphindi 10 basi pa mbewa iliyonse. Koma muyenera kuchotsa ndowe, kupukuta bokosi ndi zinthuzo ndi ethanol wa 70 peresenti, kudikira kuti aume, kuyatsanso kamera. Werengerani mphindi 14. Mbewa 24 ndi maola 5 ndi mphindi 36, osapuma, osadya. Yoyamba ikalowa 9 koloko m'mawa, yomaliza ilowa cha m'ma 2 masana, thupi lake lili pa ola lina. Mukayamba ndi mbewa zolandira mankhwala omwe mukufufuza n'kumalizira zosalandira, mudzakhala mwayeza wotchi osati mankhwala. Zisinthanitseni, ndipo wina abise gulu la mbewa iliyonse kuti inu muzingoona manambala.

Maola 24 apakati pa kuphunzira (pomwe mbewa imaona zinthu ziwiri zofanana zija) ndi kuyesa amawerengedwa pa mbewa iliyonse payokha. Yolowa 11:20 Lachiwiri ilowenso 11:20 Lachitatu, mndandanda womwewo.

Chovutitsa kwambiri ndi kuyesa pakatha ola limodzi mbewa itaphunzira. Mukangomaliza mbewa yachinayi, yoyamba ija nthawi yake yakwana. Ndiye kuti mumayenda ndi zinayizinayi, gulu lililonse pafupifupi maola awiri. Mbewa 24 zidya maola 12. Musadzivutitse: zigaweni masiku atatu, tsiku lililonse likhale ndi zolandira mankhwala ndi zosalandira zomwe.

Morris water maze, mayeso omwe mbewa imasambira m'thanki kufunafuna popondera pobisika pansi pa madzi, siidziwa Loweruka. Kawirikawiri ndi masiku asanu ophunzira, kanayi patsiku, masekondi 60 ulendo uliwonse, madzi ali cha pa madigiri 22. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mumachotsa popondera n'kuona komwe mbewa ikusakasaka. Mukayamba Lolemba, tsikulo ndi Loweruka, ndipo kulikankhira Lolemba ndi kufunsa funso lina. Ikani nthawi yozipukuta ndi kuzifunditsa, chifukwa mbewa yozizidwa imangoyandama.

Ngati mbewa zomwezo zidutsa mayeso angapo, yambani ndi osaopsa, kusambira kubwere pambuyo, fear conditioning (kuphunzitsa mbewa mantha poigwiritsa magetsi pang'ono kumapazi) pamapeto penipeni, ndipo pakati pazikhala tsiku limodzi kapena awiri opuma. Mbewa yomwe yalawa magetsi kumapazi sinunkhizanso zinthu mwamtendere.

Pali anthu awiri oti muwaone kalendala isanatsekedwe. Woyamba ndi wosamalira makola. Kusintha utuchi kumachotsa fungo lomwe mbewa zazolowera, zazimuna zimayamba ndewu, tulo timasokonekera. Pemphani kuti asinthe patatsala masiku awiri kuti mayeso ayambe, ndipo mumate kapepala pakhola. Wachiwiri ndi mnzanu amene mukuganiza kuti akugwirirani tsiku la mayeso a kukalasi. Gulu la Jeffrey Mogil ku McGill linapeza mu 2014 kuti fungo la munthu wamwamuna limakweza nkhawa mwa mbewa ndi makoswe. Woyamba ntchito ndiye aimalize, ndipo mafuta onunkhira akhale kunyumba.

Bukitsani chipinda ndi ola limodzi lapamwamba. Ikachedwabe mbewa ina, lembani nthawi yeniyeni yomwe yalowa pambali pa nambala yake, osati yomwe inali pandandanda.