Zomwe ndaphunzira za AI temu ino

Pa kosi yathu yamadzulo ya kayendetsedwe ka maofesi, temu ino anatiwonjezera gawo lokhudza AI, zija ena akuti nzeru zamakina. Anzanga ambiri anabwera akuyembekeza kuphunzira njira yachidule yolembera asayimenti. Aphunzitsi sanayambire kumeneko. Anayamba ndi kutifotokozera zomwe zimachitika m'kati mwa pulogalamuyo ukaifunsa funso, ndipo phunziro limenelo ndi lomwe lasintha mmene ndikuonera nkhani yonseyi.

Mapulogalamu ngati ChatGPT, yomwe kampani ya OpenAI inatulutsa mu Novembala 2022, alibe nkhokwe ya zoona yoti akatapemo yankho. Anawadyetsa zolemba zochuluka zedi, ndipo chomwe anaphunziramo ndi kulosera mawu oyenera kubwera pambuyo pa mawu ena. N'chifukwa chake amalankhula mosadodoma, kaya akunena zoona kaya akupeka. Munthu akamanama nthawi zina amaphethira kapena kuchita chibwibwi, koma makina ayi. Mu 2023 maloya ena ku New York, pa mlandu wosumira kampani ya ndege ya Avianca, anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale yomwe sinachitikepo n'komwe. Anaitenga ku ChatGPT osaifufuza, ndipo woweruza anawalipitsa madola 5,000. Amenewa anali anthu ophunzira, odziwa ntchito yawo.

Tinaziyesanso tokha m'kalasi. Gulu lathu linauza pulogalamu ina kuti ilembe kalata ya m'Chichewa yoitanira mafumu ku msonkhano wa chitukuko. Inatuluka pasanathe mphindi, yooneka bwino, ndime zake zili m'malo. Titaiwerenga mokweza, mayi wina amene wagwira ntchito zaka zambiri kukhonsolo anagwira pakamwa. Kalatayo inkalankhula ndi a Gulupu ngati mnzawo wa kusukulu, komanso kumapeto inalonjeza kuti aliyense wobwera adzalandira alawansi, chinthu chomwe palibe mmodzi wa ife anatchula. Mayiwo anati, "Kalata iyi ikanapita, tsiku la msonkhano mukanathawira pawindo." Kalaliki wotopa, Lachisanu madzulo, akanangoidinda n'kuitumiza.

Sindikunena kuti tizithawe zinthuzi. Ubwino wake ndauona, ndipo ndi waukulu makamaka kumene akatswiri ali ochepa. Kuyambira mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta azithandiza kuwerenga zithunzi za X-ray ya pachifuwa pofufuza TB. Kwa chipatala chakumudzi chomwe chilibe dokotala wodziwa kuwerenga zithunzizo, limeneli ndi thandizo lopulumutsa moyo. Kuno kwathu bungwe la Opportunity International linayambitsa pulogalamu ya AI yotchedwa Ulangizi, yomwe imayankha mafunso a alimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Chomwe chinandisangalatsa ndi kapangidwe kake: mayankho amachokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi, ndipo alimi ambiri amaifikira kudzera mwa munthu wophunzitsidwa amene ali ndi foni yamakono. Mlimi amene chimanga chake chagwidwa ndi ntchemberezandonda sangadikire mlangizi kwa milungu iwiri. Koma onani kuti ngakhale pa X-ray paja, makina akangoloza kuti apa pakukayikitsa, wodwalayo amakayezedwabe makhololo. Pamakhala munthu wotsimikiza.

Nkhani yomwe yandisowetsa tulo ndi ya ku Netherlands. Kumeneko nthambi yotolera misonkho inkagwiritsa ntchito kompyuta posankha mabanja oti ikuwakayikira kuti akuba ndalama zothandizira kulera ana. Mwa zinthu zomwe zinkachititsa munthu kukayikiridwa munali kukhala nzika ya dziko lina. Mabanja masauzande ambiri osalakwa anauzidwa kuti abweze ndalama zonse, ena anagwa m'ngongole zosatha, maukwati ena anatha. Anthu anadandaula kwa zaka osamvedwa, mpaka boma la nduna yaikulu Mark Rutte linatula pansi udindo mu Januwale 2021. Limeneli ndi dziko lolemera, lokhala ndi makhoti amphamvu ndi atolankhani osaopa. Ndikamawerenga ndimaganiza za mindandanda yathu: ya Mtukula Pakhomo, ya fetereza wotsika mtengo, ya chimanga cha chithandizo. Tsiku lina wina adzabwera ndi pulogalamu yoti izisankha oyenera kulandira, ndipo adzanena zoona kuti makina sadya ziphuphu komanso alibe msuweni. Koma gogo wolera ana amasiye dzina lake likasowa, lero amatha kupita kwa a mfumu kapena ku komiti ya m'mudzi n'kuyang'anana nawo maso ndi maso. Akadzauzidwa kuti "ndi kompyuta yakuchotsani", adzalowera kuti? Amene angathe kutsutsa makina ndi wophunzira, wodziwa Chingerezi, wokhala ndi data m'foni. Amene akhoza kupwetekedwa kwambiri alibe zonsezo.

Za mawu ndi makanema opeka tinangodutsamo, poti aliyense wazimva. Ku Slovakia mu 2023, kutatsala masiku ochepa kuti avote, kunafalikira mawu abodza omveka ngati mtsogoleri wa chipani china akukonza zobera chisankho. Ife timakhulupirira kwambiri voice note. Akuba aja otumiza uthenga woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" akadzayamba kuimba ndi mawu enieni a mwana wako, ambiri tidzalira.

Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo udindo woliyang'anira uli m'manja mwa MACRA. Titafunsidwa m'kalasi, ochepa okha ndi amene anali atalimvapo, chonsecho ambiri mwa ife tsiku lililonse timagwira mayina, manambala a ziphaso za unzika ndi malipiro a anthu. Ena anavomera kuti amakopera mindandanda yotere mu mapulogalamu a AI kuti awakonzere tebulo, osadziwa kuti uthengawo wapita ku makompyuta a kunja. Pepala langa la kumapeto kwa temu ndalemba pa mfundo ziwiri zomwe ndikufuna ofesi yathu ivomereze: dzina la munthu lisalowe mu pulogalamu yotere, ndipo chikalata chilichonse chomwe makina athandiza kulemba chizikhala ndi siginecha ya wogwira ntchito amene wachiwerenga chonse, woti munthu wodandaula angathe kumupeza pa desiki yake.